Kiyi ya piyano ikamakanirira pansi, musathire mafuta a makina osokera

Nthawi ya dzinja mapiyano ambiri a m'matchalitchi amayamba kuvuta, ukadina kiyi imatsika koma kubwerera ayi, kapena imabwerera mwaulesi. Anthu amathamangira WD-40 kapena mafuta a makina osokera, chonde musatero. Mkatimo muli matabwa ndi felt (kansalu kofewa kaubweya), mafutawo amalowerera mu felt nkumakoka fumbi, pakapita miyezi zimamatirira kuposa poyamba, nde akadonthera pa tuning pins (mapini omwe amakunga mawaya) basi piyano singagwirenso tuning.

Kawirikawiri vuto ndi chinyontho, felt yafufuma. Yambani mwapeza pomwe pakukanira. Tsegulani kutsogolo, nyamulani wippen (kathabwa komwe kumbuyo kwa kiyi kumakankhira m'mwamba) ndi chala kenako mugwedeze kiyi payokha. Ikamalimbabe nde kuti vuto lili pa timapini tiwiri tomwe kiyi imakhalapo, kapakati ndi kakutsogolo. Zulani kiyiyo, pukutani timapinito ndi kansalu kouma mpaka tiwale, mupake ufa wa PTFE (ufa woterera wa Teflon) pang'ono pa felt ndi kaburashi. Muonenso thabwa lakutsogolo kwa makiyi lija, nalonso limapindika nkumakhula makiyi oyera.

Kiyi ikakhala bwinobwino, nde ndi center pin (kapini kozungulirapo) ya hammer (kanyundo komenya waya) kapena ya jack (kamtengo kokankha hammer). Apa mpamene pamafunika Protek CLP, mafuta apadera a mapini a piyano, kadontho kamodzi mbali iliyonse ya pini ndi jekiseni, osati kusambitsa. Amisiri amamasula hammer, kugwira flange (kathabwa kolumikizidwa ku hammer ndi piniyo) nkusiya hammer ilendewere, ikagwedezeka maulendo 5 mpaka 7 ili bwino, ikaima pa 2 yathina. Ena amasakaniza sipiliti ndi madzi nkudonthezera pa felt, ikauma mawa lake imakhala yaphwa, koma zimenezi mukaonjeza pini imayamba khwekhwe nde mwapanganso vuto lina. Protek ikakanika piniyo njofunika kusintha, itanani wodziwa.

Pamwamba pa jack pomwe pamatsetsereka mutha kungopaka pensulo yofewa ya 6B, pa felt ayi.

Zogula nde nkhani. Mu hardware simungapeze Protek, ndipo akakupatsani sipuleyi ya silicone ikaneni. Fletcher & Newman ku UK komanso Schaff ku America amagulitsa zida za piyano, kungoti masitolo otere amakonda kugulitsa kwa amisiri okhaokha, nde bola kudzera kwa amene amakuchunirani piyano, kapena Howard Piano Industries omwe amagulitsa kwa aliyense pa intaneti. Kabotolo kakang'ono nkokwanira, ngati kuli m'bale akubwera kuchokera kunja mutumeni akubweretsereni pamodzi ndi ufa wa PTFE.