Mwagula Cricut? Yambani Motere Musanaononge Vinyl Wanu

Makina odula a Cricut amapangidwa ndi kampani ya ku Utah, m'dziko la America, koma pano mumawapeza m'nyumba za anthu okonza matisheti a chinkhoswe ndi a kwaya, zilembo zoimika pa keke komanso zomata pa makapu. Ngati anu angofika kumene, langizo langa lalikulu ndi ili: tsiku loyamba musakhudze vinyl, kapulasitiki kopyapyala kamene mumadula n'kumata pa tisheti kapena pa kapu. Phunzirirani pa pepala, chifukwa vinyl ndi wodula ndipo akatha sapezeka pa grosale.

Yambani ndi magetsi. Werengani zolembedwa pa adaputala kuti muone ngati ikulola 230V, ndipo gulani choteteza makina ku mphamvu yamagetsi yobwera mwadzidzidzi akayaka atazima. Ikani makinawo patebulo lokhala ndi mpata kumbuyo, poti mphasa yake, yomwe mumamatapo chinthu chofuna kudula, imatulukira kumeneko ikamayenda.

Kenako ikani pulogalamu ya Design Space pa foni kapena pa kompyuta, tsegulani akaunti, ndipo lumikizani makina kudzera pa Bluetooth kapena waya wa USB. Apa pamafunika intaneti, choncho khalani ndi bandulo yokwanira.

Mphasa zomatira zilipo za mitundu inayi. Yabuluu ndi ya mapepala opepuka, yobiriwira ndi ya vinyl ndi mapepala olimba, yapepo ndi ya zinthu zokhuthala, yapinki ndi ya nsalu. Yofala ndi ya mainchesi 12 mbali zonse. Kapulasitiki kamene kamabwera pamwamba pake musataye ayi, muzivindikira mukamaliza ntchito, apo ayi fumbi la mu Okutobala lipha ulimbo wake msanga.

Tsopano dulani kanthu kakang'ono, kaya kanyenyezi kapena chilembo chimodzi. Sankhani mtundu wa chinthu chomwe mwamata, lowetsani mphasa, dinani batani lomwe likuthwanima. Pochotsa, tembenuzani mphasa chafufumimba n'kuipinda pang'onopang'ono kuti pepala litsale lokha patebulo. Mukakoka pepalalo limapiringizika.

Dzanja likazolowera, pitani pa tisheti. Apa ndi pamene ambiri timagwa. Vinyl wosita amamatidwa pamphasa mbali yonyezimira itayang'ana pansi, ndipo musanadule muyenera kuyatsa Mirror mu Design Space kuti zilembo zitembenuke ngati pagalasi. Ine ndinaiwala izi usiku wina ndikukonzera kwaya yathu. Ndinadula dzina lonse, n'kutongola tizidutswa tonse mosamala, koma nditaika pa tisheti mawu ankawerengeka chobwerera. Mtima unandiwawa, poti mpukutu woyera unali womaliza ndipo ulendo unali wa m'mawa mwake. Chiyambire pamenepo ndinamata kapepala pa makina kolembedwa mawu amodzi okha: Mirror.

Mukadula, tongolani zosafunika ndi kangowe kake. Samalani timkati ta zilembo monga a, e ndi o, ndipo chitani izi pamalo owala bwino.

Pomata, simbi yamagetsi imatha ntchito bola muzimitse nthunzi. Sitirani pathabwa lolimba, osati pabedi. Yambani mwatenthetsa tishetiyo kuti chinyezi chichoke, yalani chithunzi, phimbani ndi kansalu kopyapyala, kenako kanikizani ndi mphamvu masekondi 30 pamalo amodzi, osayendetsa simbi ngati mukusita malaya. Pa nsalu ya thonje kutentha kwa madigiri pafupifupi 155 kumakwanira, komabe tsatirani zolembedwa pa paketi. Tembenuzani, musitenso kumbuyo, ndipo dikirani izizire musanasende kapulasitiki konyezimira ka pamwamba pa chithunzicho. Mwini tisheti mumuuze adikire maola 24 asanachape, ndipo azichapa ataitembenuza kunja kukhala mkati.