Digiri ya unamwino: momwe mungawerengere ngongole ndi malipiro musanasaine fomu

Mwana wa mchemwali wanga atasankhidwa kukachita unamwino ku Kamuzu University of Health Sciences, pakhomo panali nthungululu mpaka usiku. Kutacha, mayi ake anatulutsa kope lakale la masamu, kukhala pamkeka, n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga ngongole akunenayi adzabweza ndi chiyani?" Masamu amene tinachita m'mawa umenewo ndi awa.

Choyamba, lembani mtengo wa zaka zonse zinayi. Ambiri amangolemba fizi n'kutseka kope. Onjezani malo ogona, chakudya, yunifolomu, nsapato, laputopu ndi bandulo. Chomwe chimaiwalika kwambiri ndi nthawi yokaphunzira ntchito m'mawodi. Wophunzira amatumizidwa kuzipatala zina, nthawi zina kutali ndi sukulu, ndipo thiransipoti ndi ndiwo za kumeneko zimafuna ndalama zapadera. Akamaliza, pali mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi ndi ndalama yolembetsera, chifukwa popanda chiphaso cha bungweli palibe chipatala chingamupatse wodi.

Chachiwiri, siyanitsani ngongole ziwiri. Yoyamba ndi ya boma, yochokera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Si aliyense wopempha amene amapatsidwa, ndipo wopatsidwayo sizitanthauza kuti zonse zimene mwalemba pamwambapa zakwanira. Ngongoleyi imayamba kubwezedwa pakatha zaka ziwiri munthu atamaliza maphunziro, ndipo olemba ntchito amayenera kumadula pamalipiro. Musanasaine, funsani kuti chiwongoladzanja chake ndi chingati komanso azidzadula zingati pamwezi, mayankhowo muwalembe m'kope.

Yachiwiri ndi ija imabwera mwakachetechete kudzatseka mpata wotsala: banki mkhonde ya amayi, ya amalume a kutauni, mwinanso katapila pamene sukulu ikutsegulidwa fodya asanagulitsidwe. Kwa ine imeneyi ndiye yoopsa. Ya boma imadikira mwana amalize, koma ya katapila imagogoda pakhomo mwezi ukangotha, mwana akadali chaka choyamba. Ngati mpatawo mukuona kuti udzatsekedwa ndi katapila chaka ndi chaka, imani kaye pomwepa.

Chachitatu, musafunse mnzanu wa pamsika kuti anamwino amalandira zingati. Pezani namwino amene wagwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri, mumupemphe mwaulemu akuonetseni peyi silipi yake, ndipo maso anu apite pa nambala ya pansi. Ya pamwamba imasangalatsa, koma msonkho wa PAYE ndi zina zikadulidwa, yotsalayo ndiyo imagula ufa ndi kulipira lendi. Fananizani malipiro a pachipatala cha boma, cha mishoni ndi chomwe si cha boma. Ndalama ya lokamu, ija amalandira akagwira mashifiti owonjezera, musaiwerengere. Imathandiza ikabwera, koma si yomangirapo bajeti.

Chachinayi ndi chomwe tinakhalitsapo pamkeka paja: zaka zodikira. Timakonda kuganiza kuti mwana akavala gauni lero, mwezi wamawa ali pa malipiro. M'zipatala muno anamwino ndi ochepa, inde, koma boma limalemba ntchito ndalama zikapezeka, ndipo bungwe la National Organisation of Nurses and Midwives lakhala likudandaula kambirimbiri za anamwino ophunzira bwino omwe angokhala pakhomo. Ndiye chitani masamu katatu: ntchito ikapezeka msanga, ikachedwa chaka, ikachedwa zaka ziwiri. Pa masamu achitatuwo, nthawi yopumira ngongole ya boma ija yatha mwana asanalandirepo kanthu. Ndani azimudyetsa? Nanga achimwene ake aang'ono, omwe banja limayembekeza kuti iye adzawalipirira sukulu? Mchemwali wanga atafika apa anasiya kulemba, n'kuyamba kuwerenga mbuzi zake ndi zala.

Powerengapo, musakhulupirire kwambiri manambala a kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Malipiro amene akuoneka ambiri lero angadzakhale ochepa pofika chaka chomaliza. Ife tinasandutsa zonse kukhala matumba a chimanga: fizi ya chaka ndi matumba angati, malipiro a mwezi ndi matumba angati. Agogo omwe sanapite kusukulu anamva bwinobwino, ndipo ndiwo anafunsa mafunso ovuta kuposa tonse.

Chachisanu, ikani dipuloma pambali pa digiri. Makoleji a mipingo a pansi pa bungwe la Christian Health Association of Malawi (CHAM), monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission, komanso Malawi College of Health Sciences, amaphunzitsa unamwino ndi uzamba kwa zaka zitatu. Wa dipuloma amatuluka msanga ndi chaka chimodzi, koma amayambira giredi yotsika, ndipo akafuna kukwera amabwereranso kusukulu, nthawi zambiri ali kale ndi banja. Wa digiri amayambira pamwambako ndipo khomo la uphunzitsi, utsogoleri wa wodi kapena ntchito za kafukufuku limamutsegukira msanga. Amene wasankhidwa kale ku yunivesite ya boma, ine sindingamubweze. Koma amene akufuna kugulitsa munda kuti alipire digiri ku yunivesite yomwe si ya boma, ayambe wayang'ana bwino njira ya dipulomayi, ndipo atsimikize kuti pulogalamuyo ndi yovomerezedwa ndi Council.

Chomaliza ndi nkhani ya kunja, poti pamkeka uliwonse pamakhala wina wonena kuti "adzapita ku UK, ngongole yonse adzabweza mwezi umodzi." Kuti namwino alembetsedwe ku Britain amafunika mayeso a Chingerezi, IELTS kapena OET, kenako mayeso a unamwino a pa kompyuta (CBT) ndi oonetsa luso pa ntchito (OSCE), ndipo onsewa ndi olipira. Malawi alinso pa mndandanda wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, wa mayiko osowa ogwira ntchito zaumoyo, choncho Britain saloleza makampani ake kubwera kudzakopa anamwino kuno, ngakhale munthu payekha angathe kufunsira ntchito. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni malo ku London, gwirani thumba lanu. M'kope lathu, tsamba la kunja tinalisiya lopanda nambala.

Mtsikanayo anasaina fomu ya ngongole ya boma. Mpata wotsala tinagawana anthu atatu, aliyense ndi mwezi wake wotumiza, ndipo mbuzi ziwiri zinaikidwa padera kuti zisagulitsidwe mpaka chaka cha mayeso a Council.