Mmene mungakonzere m'nyumba mvula isanagwe: yambani ndi katundu wapansi

Okutobala akafika kuno ku Tete, nkhani imakhala ya kutentha basi. Mumzinda kumatentha kudutsa madigiri 40, ku Moatize fumbi la malasha limalowa m'nyumba ngakhale mawindo ali otseka, pamene ku Angónia ndi ku Tsangano anthu ali kalikiliki kukonza minda. Komatu ino ndiyo nyengo yabwino yokonza m'nyumba, chifukwa chilichonse chimene mwatulutsa panja chimauma tsiku lomwelo. Mukadikira mvula ya Disembala, matiresi simudzayanikanso, ndipo nkhungu, chiswe ndi makoswe zidzakupezani muli chomwecho.

Nyumba zathu zambiri sizida chifukwa cha ulesi ayi. Amayi amasesa m'mawa uliwonse. Vuto ndi loti katundu yense amakhala pansi: matumba a chimanga pakona, zigubu kuseri kwa chitseko, nsapato ndi makatoni kunsi kwa bedi. Tsache limangolambalala zinthuzi chaka chonse osazisuntha. Choncho ntchito yaikulu ndi yochotsa katundu pansi n'kumupezera malo m'mwamba.

1. Tulutsani zonse, chipinda chimodzi pa tsiku

Yalani mphasa kapena lona pabwalo m'mamawa dzuwa lisanakwiye, ndipo tulutsani chilichonse cha m'chipinda chimodzi, bedi lomwe. Musayerekeze kutulutsa nyumba yonse tsiku limodzi, mungagone panja. Chipinda chikakhala mbee, yambani kusesa kudenga, kenako makoma, pansi pomalizira. Wazani timadzi musanasese kuti fumbi lisabwerere pamene mwachotsa kale. A ku Moatize, nsalu yonyowa ndiyo imachotsa fumbi lakuda lija, youma imangolisamutsa. Onani m'makona ngati muli mizere ya dothi la chiswe kapena mauna a makoswe, ndipo tsekani ndi simenti, kapena dothi lotsendera bwino ngati pansi ndi pozira.

2. Gawani milu itatu

Mulu woyamba ndi wa zobwerera m'nyumba, wachiwiri wa zopatsa ena kapena zogulitsa, wachitatu wa kudzala. Apa m'pamene pamabuka mkangano. Bambo amakakamira wailesi imene inasiya kulankhula ana ali aang'ono, ati "ndidzakonzetsa". Mayi nawo ali ndi mapoto atatu obooka ndi thumba lodzaza timabotolo ta mafuta odzola. Funso lothandiza ndi ili: chinthuchi chinagwira ntchito chiyambire dzinja lathali? Ngati yankho ndi ayi, ndipo si khasu, chikwakwa kapena chida china chodikira nyengo yake, chichoke. Zitsulo, mafelemu a njinga ndi mapoto a aluminiyamu musataye, anyamata ogula sukata (zitsulo zakutha) amapereka kangachepe.

Zovala ndiye zimadzaza nyumba mwakachetechete. Kalamidade (zovala za kaunjika) ndi wotchipa, munthu ukapita ku msika wa Kwachena kukagula tomato umabwerako ndi malaya awiri. Zimene zinawathina ana perekani kwa abale zikadali zabwino, musadikire kuti njenjete zilawe kaye. Zong'ambikiratu dulani zikhale zokolopera ndi zopukutira m'khitchini.

Koma pali katundu wina amene simungamugamule nokha. Zovala ndi ziwiya za malemu, kapena sutikesi imene mlamu wanu anasungitsa popita ku Joni, musaziponye pa mulu wachitatu. Zichapeni, zimangeni bwino, kenako kambiranani ndi amalume kapena eni mbumba kuti zipite kuti. Anthu adana mpaka kalekale chifukwa cha chitenje chimodzi cha agogo chimene wina anachiyesa chosafunika.

3. Lolani dzuwa ligwire ntchito yake

Matiresi, mapilo, mabulangete ndi mphasa zikhale padzuwa tsiku lonse, muzitembenuza masana. Ngati muli nsikidzi, masulani bedi n'kuthira madzi owira m'malumikiziro a matabwa, poti m'mene zimabisala ndi kuikira mazira ndi mmenemo. Zovala zichapeni ndi madzi otentha kwambiri n'kuzisita. Bwerezani pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa mazira otsala amaswa.

Neti yokha ndiyo isaone dzuwa. Ichapeni mofatsa ndi sopo wamtanda, osati wa ufa kapena jiki, ndipo iyanikeni pamthunzi kuti mankhwala ake asathe mphamvu. Sokani pobooka musanaipachikenso. Udzudzu wa dzinja suchedwa.

4. Chimanga chichoke kuchipinda chogona

Ku Ulónguè, ku Furancungo ndi madera ena olima kwambiri, ambiri anasiya nkhokwe zapanja poopa akuba, ndiye chimanga chimagona ndi eni ake. Ndi zomveka, koma kumene kuli chimanga n'kumene makoswe amapita, ndipo fungo la mankhwala othira m'matumba si loti ana azipuma usiku wonse. Ngati nyumba ili ndi kachipinda kapadera, matumba apite kumeneko. Ngati mulibe, asankhireni kona ya pabalaza yotalikirana ndi pogona.

Thumba lisakhudze pansi kapena khoma. Ikani njerwa, pamwamba pake matabwa kapena mitengo yowongoka, ndiye sanjani matumba mopingasa, kusiya mpata woti tsache ndi mphaka zidutse kumbuyo. Simenti imatulutsa chinyezi nthawi ya mvula ngakhale ikuoneka youma, ndipo thumba lapansi ndilo limayamba kuwola. Chimanga cha nkhungu musachichepetse, chuku china chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Musanatseke matumba, yesani ngati chinaumitsitsa. Tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma supuni ziwiri kapena zitatu, tsekani, khutchumulani, dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi, chibwerere padzuwa. Amene mumagwiritsa ntchito matumba osalowa mpweya aja, okhala ndi mapulasitiki m'kati, mangani pulasitiki iliyonse payokha ndipo musamatsegule pafupipafupi. Anankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya, ndiye kabowo kamodzi ka khoswe kamawononga zonse.

5. Khomani misomali, mangani zingwe

Simufunika kabati ya mametikali ambirimbiri. Thabwa limodzi lokhomedwa pakhoma limanyamula mbale zonse za m'nyumba. Misomali isanu kuseri kwa chitseko imakwana zikwama za sukulu, ambulera ndi zipewa, koma ya ana ikhale pamene iwo afikira, apo ayi chikwama chizigonabe pansi. Nsungwi yopachika ndi waya kudenga imasunga zovala bwino kuposa chingwe chimene chimagwa pakati. Lichero, mthiko ndi chipande zipachikeni. Nsapato zikhale pa kathandala pafupi ndi khomo, chifukwa m'dzinja matope a panjira amathera pomwepo. Kunsi kwa bedi kukhale kopanda kanthu, kapena sutikesi imodzi yotseka imene mungaikoke posesa. Kumalo otentha ngati kuno, zinkhanira zimakonda malo amdima odzaza makatoni.

6. Mapepala ofunika akhale pamodzi

Chiphaso cha unzika (BI), sedula (zikalata za kubadwa) za ana, khadi la nambala ya msonkho (NUIT), makadi a kusikelo, masatifiketi a sukulu ndi mapepala a malo, zonsezi zilowe m'pulasitiki yotseka, kenako m'chitini kapena m'kabokosi kokhala pamwamba. Denga likadontha kapena madzi akalowa usiku, munyamula chinthu chimodzi. Ajambuleninso pa foni. Aliyense wamkulu m'nyumbamo adziwe pamene ali.

7. Mankhwala ndi feteleza

Mankhwala a mbewu, a makoswe ndi parafini musaziike m'mabotolo a zakumwa, mwana saona kusiyana. Zikhale m'mabotolo ake, pamwamba, kutali ndi ufa. Feteleza amene mwagula kale asanjidwe pa matabwa ngati chimanga, koma osati pamodzi nacho. Yureya amakoka chinyezi n'kuuma gwa ngati thumba lili lotsegula.

8. Malizani ndi pabwalo

Matayala akale, zitini ndi magubu osweka zimasunga madzi a mvula, ndipo udzudzu umaswana mmenemo. Zivundikireni kapena zichoke. Kumbani dzala latsopano kutali ndi chitsime, konzani thandala la mbale, ndipo lambulani ngalande yozungulira nyumba kuti madzi asatsamire khoma. Ndowa ya madzi akumwa ikhale ndi chivundikiro ndi kapu yakeyake yotungira, chifukwa kolera amabwera ndi mvula. Thirani Certeza, mankhwala oyeretsera madzi akumwa, motsatira malangizo a pabotolo, kapena wiritsani madziwo.

Zikatha izi, gawani ntchito kuti isagwere munthu mmodzi. Madzulo aliwonse musanadye nsima, mwana aliyense apachike chikwama chake ndi kuika nsapato pa kathandala, anyamata omwe, osati atsikana okha. Loweruka kokani sutikesi ija n'kusesa kunsi kwa bedi ndi kuseri kwa matumba, ndipo muziyang'ana ngati pansi pa thumba pagwa kaufa koyera. Mukakaona, anankafumbwe alowa, thumbalo litulutsidwe lisanapatsire anzake.