Kukonzekera kukakhala ku France kapena ku Québec muli ku Johannesburg

Mmalawi amene wakhala ku Johannesburg kwa zaka zingapo amadziwa kuti munthu akhoza kugwira ntchito, kupeza nyumba ya lendi ndi kutumiza ndalama kumudzi asakudziwa bwino Chizulu kapena Chisutu, bola Chingerezi chake chizimveka. Amene akulingalira zopitirira ulendo kupita ku France kapena ku Québec, chigawo cha dziko la Canada, asadalire zimenezi, chifukwa kumeneko boma ndilo limafunsa ngati mlendo akudziwa Chifalansa, ndipo yankho lake limakhudza zikalata zake zokhalira m'dzikomo.

Yambani kuphunzira chilankhulocho musanaganize n'komwe za tikiti ya ndege. Ku Parkview, pafupi ndi Zoo Lake, kuli Alliance Française, kumene amaphunzitsa Chifalansa ndi kulembetsa mayeso a DELF, omwe ali ndi magawo a A1, A2, B1 ndi B2. Satifiketi ya DELF siitha mphamvu, pamene ya mayeso ena otchedwa TCF imagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho wopita ku France amene sanatsimikize tsiku lonyamuka angachite bwino kusankha DELF. Musakhutire ndi gawo loyamba. Lamulo limene France inakhazikitsa mu 2024 linakweza mlingo, moti kuyambira mu 2026 wofuna chilolezo chokhalira m'dzikomo cha zaka zingapo amafunika A2, wofuna cha zaka khumi amafunika B1, ndipo wofuna unzika amafunika B2.

Za m'kalasi zokha sizimasula lilime. Loweruka pitani kumsika wa ku Yeoville, kumene amayi a ku Congo ndi ku Cameroon amagulitsa chigwada, nsomba zouma ndi mafuta ofiira a kanjedza, ndipo mukapereke moni, kufunsa mtengo ndi kunenerera m'Chifalansa mpaka mutalandira chenji chanu. Adzakusekani pang'ono, koma adzakukonzani, ngakhale muyenera kutchera khutu chifukwa ena amasakaniza ndi Chilingala. Chizolowezi choyamba ndi moni chidzakuthandizani kutsogoloko, pakuti ku France munthu wolowa m'sitolo n'kungoyamba kufunsa katundu amaonedwa ngati wamwano.

Za zikalata n'zachidule. Viza imapemphedwa m'dziko limene mukukhala movomerezeka, kotero ngati pemiti yanu ya kuno inatha, konzani kaye zimenezo. Onetsetsani kuti dzina lalembedwa mofanana pa pasipoti, pa chikalata cha kubadwa ndi pa cha ukwati, ndipo zomasulira zichitidwe ndi womasulira wovomerezeka. Mukafika ku France, ambiri obwera kudzakhazikika amaitanidwa ndi OFII, bungwe la boma loona za anthu obwera, kukasaina mgwirizano wotchedwa CIR, womwe umaphatikiza kuyesedwa chilankhulo ndi maphunziro a malamulo ndi mfundo za dzikolo. Musajombe kumaphunzirowa, chifukwa amawayang'ana pokonzanso chilolezo. Unzika nthawi zambiri umapemphedwa munthu atakhala zaka zisanu.

Nkhani yofunika kukambirana mofatsa m'banja musananyamuke ndi ya chipembedzo. Kuno tinazolowera kuona amayi a Mvano atavala yunifolomu yawo m'takisi, kapena mtsikana wachisilamu atafunda kumutu popita kusukulu, popanda wodabwa. France inalekanitsa boma ndi mipingo mu 1905, ndipo mu 2004 inaletsa ana a m'sukulu za boma kuvala zizindikiro zoonekera kwambiri za chipembedzo, kaya ndi hijabu kapena mtanda waukulu. Lamuloli silikhudza ophunzira a kuyunivesite, komanso mumsewu munthu akhoza kufunda kumutu, koma kuphimba nkhope pagulu kunaletsedwa ndi lamulo la 2010. Banja lochokera ku Mangochi lomwe lili ndi mwana wamkazi liyenera kumufotokozera zimenezi lidakali kuno, kuti asakazimvere pageti la sukulu. Ku Québec lamulo la 2019 limaletsa zizindikiro zotere kwa ogwira ntchito za boma ena monga aphunzitsi ndi apolisi.

Québec ili m'dziko limene ambiri amalankhula Chingerezi, koma zimenezo zisakunamizeni. Kuyambira mu 1977 ana a anthu obwera amayenera kuphunzira m'sukulu za Chifalansa, ndipo lamulo la 2022 limati pakatha miyezi isanu ndi umodzi boma lizilankhula ndi wobwera m'Chifalansa chokha, kupatula pa zinthu zochepa monga zaumoyo.

Malamulo onsewa amathera pakhomo la nyumba yanu, ndipo m'kati muli ntchito imene palibe boma lidzakuchitireni. Ana amatola Chifalansa msanga kuposa makolo, ndipo posakhalitsa amayamba kuyankha m'Chifalansa ngakhale mwawafunsa m'Chichewa. Musawakalipire, koma gwirizanani kuti pa nthawi ya chakudya komanso poimbira agogo pa WhatsApp muzilankhula Chichewa, ndipo yambani chizolowezichi panopa, pamene Chingerezi ndi Chizulu zayamba kale kulanda malo. Malawi tsopano amalola unzika wa mayiko awiri, France ndi Canada nawonso amalola, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi za ndondomeko yake musanapemphe unzika watsopano.