Momwe gulu la amisiri a matabwa lingapangire bwato la pulayiwudi

Gulu la okonda ntchito za matabwa likatopa ndi mipando ndi mashelefu, bwato ndi ntchito yabwino chifukwa aliyense amapezapo pogwira, wodziwa kale ndi wongoyamba kumene. Njira zopangira bwato zilipo zingapo. Ena amagoba thunthu la mtengo, ena amamata timatabwa tating'onoting'ono mazanamazana pa chikombole. Pano tikamba za njira yosoka pulayiwudi ndi waya kenako n'kumata ndi epoxy (guluu wamphamvu wochita kusakaniza mankhwala awiri), chifukwa sifuna makina akuluakulu ndipo gulu losonkhana kumapeto kwa sabata lingaimalize. Njirayi inafala ku England, ndipo boti la Mirror, lomwe Jack Holt ndi Barry Bucknell anakonza mu 1962, ndi limene linaitchukitsa pakati pa anthu opangira maboti pakhomo.

Dziwiranitu kuti kudula ndi kusoka sikutenga nthawi. Zimene zimadya masiku ndi kuwongola bwato epoxy asanaume, ndi kukhula ndi sandipepa pambuyo pake. Magulu ambiri amathamangira zoti bwato lioneke msanga, n'kulekerera zinthu ziwirizi.

Zofunika kusonkhanitsa

Pezani pulani yojambulidwa ndi munthu wodziwa za maboti. Bwato loyamba si lopangira m'mutu. Pulaniyo ikuuzani miyeso ya chidutswa chilichonse ndi kuchuluka kwa mapepala a pulayiwudi. Pepala limodzi limakhala mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, ndipo la mamilimita 4 kuchindikala limakwanira bwato la anthu awiri. Gulani pulayiwudi wa maboti, wodindidwa chizindikiro cha muyezo cha BS 1088 ngati alipo. Nthawi zambiri amapangidwa ndi mtengo wa okoume wa ku Gabon, wopepuka komanso wosavuta kupinda. Pulayiwudi wamba wa mipando amakhala ndi mphako mkati, ndiye mukamupinda amathyokera pomwepo.

Pafunikanso epoxy ndi hardener wake (mankhwala omuumitsa), nsalu ya fibreglass (ya ulusi wa galasi) yolemera magalamu pafupifupi 200 pa sikweya mita, tepi ya fibreglass, waya wa kopa, utuchi wosefa bwino, vanishi wa maboti, sowo, pulena, dirilo, pulayazi, sandipepa wa 80, 120 ndi 220, magolovesi ndi zotchinga mphuno. Malo ogwirira ntchito akhale ndi denga, podutsa mphepo, ndi pansi posalala.

Gawananinso maudindo. Munthu mmodzi asunge pulani ndi tepi yoyezera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wina mmodzi akhale wosakaniza epoxy. Maudindo awiriwa asamasinthesinthe.

1. Lumikizani mapepala

Bwato la mamita 4.5 silingatuluke m'pepala limodzi, choncho mapepala awiri alumikizidwe m'litali. Njira yolimba ndi yopala nsonga zonse ziwiri motsetsereka, kutsetserekako kutalike ka 8 kuyerekeza ndi kuchindikala kwa pepala. Pa pepala la mamilimita 4, ndiye kuti mamilimita 32. Sanjikizani mapepalawo ngati masitepe, lapamwamba libwerere m'mbuyo mamilimita 32, n'kupala onse pamodzi. Popala muziyang'ana mizere ya guluu imene ikuonekera mkati mwa pulayiwudi. Ikamayenda yowongoka, motalikirana mofanana, mukupala bwino. Ikakhota, pamenepo pali chitunda kapena dzenje. Pakani epoxy potsetserekapo, tembenuzani pepala limodzi kuti nsongazo zigonane, yalani pulasitiki pansi ndi pamwamba kuti asamatirire pa tebulo, tsikizani ndi zolemera, muzisiye mpaka mawa.

2. Jambulani ndi kudula

Ikani madontho a miyeso ya pa pulani, khomani timisomali pa madonthowo, kenako kanikizani kathabwa kakatali kopyapyala motsamira misomaliyo ndi kulemba mzere. Kathabwako kakakana kudutsa pa msomali wina, musakakakamize. Kawirikawiri ndi muyeso umene walakwika. Zidutswa za kumanzere ndi kumanja muzidule pamodzi, chimodzi pamwamba pa chinzake, kuti zifanane ndendende. Sowo idutse kunja kwa mzere pang'ono, zotsalazo amalize pulena.

3. Sokani

Boolani timabowo m'mphepete mwa zidutswa, motalikirana masentimita pafupifupi 15, ndipo mabowo a zidutswa zoyandikana ayang'anizane. Dulani waya wa kopa m'tizidutswa, lowetsani, potolozani kunja kwa bwato. Poyamba musamange kwambiri. Yambani ndi zapansi, kenako zam'mbali, kuchokera pakati kulowera ku nsonga. Apa manja ambiri amathandiza zedi, poti zidutswazi n'zazitali ndipo zimagwedezeka ngati palibe ozigwira. Ikani matabwa otanula bwato pamene pulani yanena.

4. Wongolani, ndipo musafulumire

Apa ndi pamene bwato labwino limasiyanirana ndi loipa. Likadali losokedwa ndi waya, bwato limalola chilichonse: mutha kumasula apa, kumanga apo, kukankha chidutswa mamilimita awiri. Epoxy akangouma, mwayi umenewo watha. Bwato lopotoka limakhotera mbali imodzi pamadzi moyo wake wonse, ndipo wopalasa amangotha mphamvu ndi kulibweza.

Liikeni pa mabenchi awiri olingana msinkhu. Yalani ndodo ziwiri zowongoka mopingasa, ina chakutsogolo ina chakumbuyo. Mmodzi agwade kunsonga, atsinzine diso limodzi, aone ngati ndodozo zagona mofanana. Ina ikadzuka mbali imodzi, bwato lapotoka. Kokaninso chingwe kuchokera nsonga ina kufika inzake, n'kuyeza kuchoka pa chingwe kufika m'mbali zonse ziwiri pa malo angapo, manambala afanane. Onaninso ngati nsonga zonse zaima chilili. Anthu atatu kapena anayi ayang'ane payekhapayekha asanauzane zimene aona, chifukwa woyamba akangoti "zili bwino", enawo amangovomera. Kenako yendetsani chala mumsoko wonse mkati. Zidutswa zikumane m'mphepete, china chisakwere pa chinzake. Mukakhutira, mangitsani mawaya pang'onopang'ono, n'kuyezanso, popeza kumangitsa komweko kumasuntha zinthu. Tsiku lathunthu litathera pa sitepe imeneyi silinapite pachabe.

5. Matani misoko

Werengani malangizo a pa chitini. Epoxy wina amasakanizidwa magawo 2 kwa 1, wina 5 kwa 1, ndipo muyeso wake sunyengereredwa. Amisiri ozolowera mankhwala ena amaganiza kuti kuonjezera hardener kumafulumizitsa kuuma. Ndi epoxy sizitero: amatsala wofewa, wonandanda, ndipo mudzachita kumupala yense. Sakanizani pang'onopang'ono. Epoxy wambiri m'kapu yakuya amadzitenthetsa yekha mpaka kufuka utsi ndi kusungunula kapuyo, choncho mukasakaniza mukhuthulireni m'chotengera chophwatalala. Nyengo yotentha sankhani hardener wouma mochedwa.

Valani magolovesi nthawi zonse. Epoxy wosauma akamakhudza khungu kawirikawiri, thupi limayamba kudana naye, ndipo zikayamba sizitha. Akakudontherani sambani ndi sopo, osati thina.

Thirani utuchi wosefa mu epoxy mpaka alimbe moti sakudontha pa kamtengo. Pakani pang'ono pakati pa mawaya, musiye aume, mawa lake dulani mawaya ndi kuwazula. Waya wokanirira muutenthetse pang'ono, utuluka. Tsopano dzazani msoko wonse, n'kusalaza ndi kamtengo kozungulira kunsonga kuti pakhale kakhwawa kosalala. Yalani tepi ya fibreglass pamwamba pake pasanaume, n'kuinyowetsa ndi epoxy wopanda utuchi. Zodontha muzipukute nthawi yomweyo. Zikauma zimalimba kuposa thabwa lenilenilo.

6. Kutani kunja ndi nsalu

Tembenuzani bwato, tsekani timabowo ta waya, zunguzani ngodya zonse ndi sandipepa poti nsalu sigona pa ngodya yakuthwa. Yalani nsalu youma, isalazeni ndi manja, kenako thirani epoxy pakati ndi kumukokera m'mbali ndi kapulasitiki kophwatalala. Nsalu ikakhuta imaonekera mkati, thabwa n'kumaoneka bwinobwino. Pamene patsala poyera ndiye pouma, pamene pakunyezimira ngati chithaphwi pachuluka.

Ntchitoyi muigwire masana kutentha kukayamba kutsika. Thabwa likamatenthedwa limatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo umasanduka timatuza pansi pa epoxy. Pakaninso kawiri kapena katatu mpaka ulusi wa nsalu ukwiririke. Epoxy wina akauma amasiya mafuta oterera pamwamba. Atsukeni ndi madzi ndi chokhulira musanagwire sandipepa, apo ayi vanishi sadzagwira.

7. Milomo, mipando ndi zotanula

M'mphepete mwa bwato pamwamba matani matabwa aatali, lina mkati lina kunja, a mtengo wolimba koma wopindika. Pafunika makilampu ambiri kuposa amene gulu lililonse lili nawo. Dulani paipi ya pulasitiki m'timphete, ng'ambani kamphete kalikonse mbali imodzi, mwapeza makilampu. Mipando ikhale yotsika, chifukwa munthu akakhala pamwamba bwato limayepa. Kunsonga zonse tsekani zipinda za mpweya kapena ikanimo thovu louma loyandama (fomu), kuti bwato likadzaza madzi lisamire. Masikuluu akhale osachita dzimbiri.

8. Kukhula ndi kupaka

Lisiyeni pafupifupi sabata kuti epoxy akhwime. Kenako valani zotchinga mphuno, yambani ndi sandipepa wa 80, mubwere ku 120, mumalize ndi 220. Mukungani sandipepa pa kathabwa. Ndi chikhatho chokha mumangotsatira zitunda m'malo mozichotsa. Mukaona ulusi wa nsalu ukuyera, lekani, mwalowa kwambiri. Ino ndi nthawi imene anthu a m'gulu amayamba kusowa ndi zifukwa zosiyanasiyana, ndiye gawani bwato m'zigawo, aliyense chake, dzina lilembedwe.

Epoxy saopa madzi koma amaopa dzuwa: amachita chikasu kenako n'kuyamba kufumbutuka. N'chifukwa chake pamwamba pake payenera vanishi wa maboti woteteza ku dzuwa, kapena penti. Ine ndimakonda penti kunja ndi vanishi mkati ndi m'milomo, poti penti amabisa misoko ndipo savuta kukonza bwato likakhulika pa miyala. Vanishi mupake kanayi kapena kupitirira, mopyapyala, n'kumakhula pang'ono ndi 220 musanapakenso. Wazani madzi pansi kuti fumbi lisauluke, ndipo burashi igwidwe ndi munthu mmodzi, wina azimuunikira cham'mbali kuti aone poyenderera.

9. Liyeseni pamadzi

Sankhani madzi osaya, odekha, tsiku lopanda mphepo. Aliyense wokwera avale jekete yoyandamitsa, ngakhale wodziwa kusambira. Woyamba alowe yekha, aponde pakati penipeni, agwade, ena atagwira bwato. Likhale pamadzi kwa kanthawi, kenako yang'anani misoko yonse ngati pali chinyezi, n'kulemba ndi pensulo pamene pakudontha. Palasani ndi nkhafi mowongoka, lekani, muone ngati likupita kumene mwalilozetsa. Mukatsimikiza, ligudubuzeni dala pafupi ndi mtunda kuti onse aone mmene limayandamira litadzaza madzi ndi mmene angalikapire.

Mukabwera nalo, litsukeni ndi madzi abwino, liume, n'kulivundikira pa mabenchi pamthunzi, losakhudza dothi. Vanishi akayamba kuzirala, khulani pang'ono ndi kupakanso epoxy asanaonekere.