Momwe mungalondolere mbiri ya banja pamene chiphaso cha kubadwa chidasinthidwa

Yambani ndi mapepala a m'sutikesi ya agogo: khadi la ubatizo, la kusikelo, satifiketi ya sukulu, chiphaso cha unzika. Ajambuleni ndi foni. Pepala lenilenilo musapatse munthu, ngakhale msuweni.

Kumbukirani kuti kale makolo athu ambiri sankalembetsa ana kuboma. Lamulo la kalembera la 2010 lidayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo bungwe la boma loona za kalembera la NRB lidalemba anthu mwaunyinji mu 2017. Choncho chiphaso cha munthu wobadwa zaka za m'ma 1950 nthawi zambiri chidalembedwa iye ali kale ndi imvi, potengera zomwe ankakumbukira. Musanakhulupirire tsiku lobadwa, yang'anani kaye tsiku lomwe pepalalo lidalembedwa.

Apa ndi pomwe ine ndidagwa nazo. Ndidapeza mapepala awiri: lina la 1958 lokhala ndi dzina lakumudzi, lina la 1961 lokhala ndi dzina lachikhristu, chiwongo chimodzimodzi. Ndidangoti agogo adali ndi ana aamuna awiri, mmodzi adatchona. Miyezi inayi ndikufunsa ku Chibavi ndi ku Zolozolo kuno ku Mzuzu, mpaka kuimbira abale ku Johannesburg, kufunafuna malume omwe sadabadweko! Adandimasula ndi azakhali, akuseka mpaka misozi. Adali munthu mmodzi. Adachotsera zaka zitatu kuti asaoneke wamkulu m'kalasi, dzina adasintha pobatizidwa, ndipo atakula adakalumbira kuti mapepala onse agwirizane ndi a sukulu. Ndikadayamba ndayerekeza dzina la mayi, mudzi ndi mfumu yaikulu pa mapepala awiriwo, ndikadazindikira tsiku lomwelo. Kuno kumpoto muchenjerenso ndi mayina a amayi, chifukwa ena adangolembedwa ndi "Nya" kutsogolo kwa chiwongo cha bambo awo, dzina lenileni palibe.

Mukaona kusiyana kotere, pepala lakale musalitaye poganiza kuti latsopano ndiye lolondola. Latsopano limangonena zomwe boma likuvomereza lero. Funafunani afidaviti (kalata yolumbirira) yomwe idaperekedwa posintha, poti ndi momwe mumalembedwa chifukwa chake.

Ndipo samalani ndi madobadoba oima pafupi ndi maofesi, onena kuti ali ndi munthu wawo mkati. Wina adandidyera ya "transipoti", foni yake mpaka lero siyipezeka. Lowani nokha, ndipo mukalipira kalikonse mutenge lisiti.

Kenako pitani kutchalitchi, poti mabuku a ubatizo ndi akale kuposa zambiri za boma. A CCAP yambirani kumpingo komwe munthuyo adabatizidwa, kaya ndi Ekwendeni kapena Bandawe, kapena kafunseni ku likulu la Sinodi ya Livingstonia mumzinda muno. Akatolika, kuparishi. Zikakanika, ku National Archives ku Zomba, koma konzekerani ya basi ndi yogona.

Mu kope lanu lembani zaka zonse ziwiri, chilichonse ndi pepala lomwe chachokera.