Chiseyeye chikafika pofuna opaleshoni: momwe mungachitire muli ku Dedza kapena ku Ntcheu

Mswachi ukamatuluka ndi magazi m'mawa uliwonse, m'kamwa mukununkha, dzino nkuyamba kugwedera, chimenecho ndi chiseyeye. Ambiri kuno amadikira mpaka dzino lifike pozulidwa, chikhalirecho nkhama zimachiritsika munthu akafulumira.

Yambirani kuchipinda cha mano pachipatala chachikulu cha boma, ku Dedza kapena ku Ntcheu, mutatenga buku lanu lakuchipatala. Dokotala amalowetsa kachitsulo kopyapyala pakati pa dzino ndi nkhama poyeza kuzama kwa mpata. Nkhama zabwino zimalola mamilimita 1 mpaka 3. Kakamira mamilimita 5 kapena kuposa, ndiye kuti matenda alowa pansi, ndipo mwina ayamba kudya fupa logwira dzino.

Pamenepo nenani zonse. Ngati muli ndi shuga, muli oyembekezera, mumasuta fodya, kapena mumamwa aspirin kapena warfarin, adokotala adziwe. Mankhwala ena amakulitsa nkhama mpaka kuphimba mano, monga nifedipine ndi amlodipine a BP, komanso phenytoin wa khunyu. Musawasiye panokha ayi, amene anakulemberani ndiye angawasinthe.

Musathamangire mpeni. Choyamba amapala litsiro lija louma gwa lokanirira m'mizu ya mano, nkukuuzani kuti mubwerenso pakatha masabata 6 mpaka 8. Ambiri amachirira pomwepa. Mipata ikapezeka idakali yozama, ndi pamene amakamba za opaleshoni, ndipo angakulembereni kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Opaleshoniyo sagoneka munthu tulo. Amabaya jakisoni wa dzanzi, amacheka nkhama pang'ono, amazifunyulula kuti muzu uonekere, amautsuka, kenako amazibwezera nkusoka. Ngati nkhama zinathawa, mizu nkukhala pamtunda (eni ake amadziwa mmene madzi a mu Juni ku Dedza amalasira pamenepo), amatenga kanyama kumwamba kwa m'kamwa nkukasokerera pomwe paperewera. Nkhama zochuluka zophimba mano amangozidula, ndipo izi ndi zomwe amachitanso kwa ofuna kuti mano azioneka bwino akamaseka. Zokongoletsazi nthawi zambiri mumalipira kuzipatala za pulayiveti, choncho funsani mtengo wonse musanakhale pampando. Ine ndimati ofuna kukongola ayambe achiza chiseyeye, chifukwa kucheka nkhama zamafinya nkutaya ndalama.

Kunyumba ndi kumene ambiri amaonongera ntchito ya dokotala. Tsiku loyamba musachukuche m'kamwa kapena kulavulalavula, magazi oundana aja ndiwo akutseka bala. Kuyambira mawa lake chukuchani pang'onopang'ono ndi madzi ofunda othira mchere theka la sipuni yaying'ono, kapena chlorhexidine ngati akupatsani. Idyani phala lozizira, nthochi zakupsa, kachewere wa ku Tsangano wophika nkumukanya. Chimanga chootcha cha pa Lizulu, nzimbe ndi kanyenya zidikire kaye, fodya ndi kachasu chimodzimodzi. Mano enawo tsukani monga mwa masiku onse, koma mswachi usafike pa ulusi.

Ulusi amachotsa pakatha masiku 7 mpaka 14. Magazi akamatuluka, lumani kansalu koyera kwa mphindi 20. Akakana kuleka, kapena tsaya likamatupirabe pakatha masiku 3 thupi likutentha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire deti yomwe anakulemberani m'buku.